Boma liike ndalama pa AI m'sukulu? Mtsutso wa pa gulu la aphunzitsi ndi makolo

Chikondi ku Daejeon: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndakhala chete nthawi yaitali, sukulu yandipanikiza kuno. Ndaona kuti sabata yatha mumakambirana zoti boma lathu liyambe kuika ndalama zophunzitsira AI (luso lopangitsa makompyuta kuphunzira ndi kuyankha ngati munthu) m'sukulu, ndiye ndati ndikuuzeni zomwe zachitika kuno ku South Korea, poti iwo anayesa kale.

Boma la pulezidenti Yoon Suk Yeol linalengeza mu 2023 kuti libweretsa mabuku a pa tabuleti okhala ndi AI. Cholinga chinali chakuti mwana akamawerengera samu, pulogalamuyo iziona pomwe akulakwitsa n'kumamupatsa ntchito yolingana ndi pomwe wafika, mphunzitsi naye aziona pa kompyuta yake kuti uyu watsalira pati. Anayamba mu Malichi 2025, poti kuno chaka cha sukulu chimayamba Malichi. Anayambira giredi 3 ndi 4 ku pulayimale, komanso chaka choyamba cha sekondale yaing'ono ndi cha sekondale yaikulu, pa masamu, Chingerezi ndi phunziro la makompyuta. Ndalama zomwe boma linathira zinaposa 1.2 thiriliyoni ya ndalama za kuno za won, pafupifupi madola 850 miliyoni a ku America. Pofika Ogasiti 2025 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo. Mabukuwo sakuwerengedwanso ngati mabuku ovomerezeka a sukulu, angotsala ngati zothandizira, sukulu ikafuna itenge, ikapanda kufuna isiye. Anangogwira teremu imodzi yokha ali ndi mphamvu ya buku la boma.

Che Jafali: Aaa, madola 850 miliyoni! Ndiye chinalakwika n'chiyani mwanawe? Dziko la Samsung limenelo, magetsi ndi netiweki sizingawavute.

Chikondi ku Daejeon: Magetsi ndi intaneti kuno si nkhani, Che Jafali. Chinavuta ndi phuma. Mu 2024 anthu oposa 50,000 anasainira chikalata chopita ku Nyumba ya Malamulo chopempha kuti ntchitoyi iyambe yaima, makolo akuti ana amakhala kale pa foni tsiku lonse, ndiye sukulu iwonjezerenso. Mabuku enieniwo anavomerezedwa kumapeto kwa Novembala 2024, kutatsala miyezi 3 kuti sukulu zitsegulidwe, moti aphunzitsi ambiri anaphunzitsidwa chinthu chomwe anali asanachione chenicheni. Boma litaona phokoso linati chaka choyamba sukulu zisankhe zokha, ndipo zomwe zinatenga zinali pafupifupi 1 pa sukulu 3 zilizonse. Kenako ndale zinatembenuka. Yoon anachotsedwa pampando, Lee Jae-myung analowa mu Juni 2025, ndipo chipani chake chinali chikutsutsa kale mabukuwa. Makampani osindikiza omwe anathira ndalama zawo zambiri podalira lonjezo la boma anatsala manja ali m'khosi.

Yamikani: Achemwali a Chikondi, nkhaniyi ndi yoona, koma ndikuopa kuti anthu pano aitenga ngati chifukwa chokhalira pansi. Bwanji simunatchule Estonia? Dziko la anthu 1.3 miliyoni okha. Mu Seputembala 2025 anayamba pulogalamu ya AI m'sukulu za dziko lonse, ophunzira 20,000 a giredi 10 ndi 11 ndi aphunzitsi 3,000. Mzinda wa Beijing nawo kuyambira Seputembala 2025 unalamula kuti mwana aliyense wa pulayimale ndi sekondale aziphunzira za AI maola osachepera 8 pa chaka. Ku America Trump anasainira lamulo la pulezidenti pa 23 Epulo 2025 lolimbikitsa zomwezi. Ine ndimalemba mapulogalamu a kompyuta kuno ku Lilongwe, ndipo ntchito zomwe ndinkagwira masiku 3 pano ndikuzitha tsiku limodzi. Mwana wotuluka Folomu 4 osadziwa zimenezi adzapikisana bwanji ndi mnzake wa ku Kigali kapena ku Nairobi? Tikadikira kuti tiyambe tathetsa mavuto onse a madesiki ndi zimbudzi, tidzayamba liti?

Aphiri a ku Ntchisi: Yamikani, bwera udzacheze kuno tsiku limodzi. Ine ndimaphunzitsa Computer Studies pa CDSS. Mawusi ndimachita kujambula pa bolodi ndi choko. Kiyibodi ndili nayo imodzi yakufa, ndimayendetsa m'kalasi kuti mwana aliyense aigwireko, adziwe pomwe pali Enter. Zaka zingapo zapitazo bungwe lina linatipatsa makompyuta 10, kunabwera alendo, ana anavina, zithunzi zinajambulidwa. Mvula yoyamba mphenzi inawotcha invetala ya sola. Tinalemba makalata, tinaimba mafoni, koma munthu wodzakonza sanabwere mpaka lero, chifukwa pa ndalama zomwe anakonza panalibe gawo lokonzetsera. Makompyutawo ali m'sitolo, tinawafunda nsalu kuopa fumbi. Ana atatu omwe anali akuthwa kwambiri pa phunziroli anamaliza sukulu asanatsegulepo fayilo.

Ndiye ndikamva zoti bajeti ya AI, mtima wanga umathamangira ku sitoloko.

Mayi a Tadala: Pepani ndilowerere ngati kholo. Inu mukukambirana ngati AI ikudikira chilolezo cha boma kuti ilowe m'sukulu. Inalowa kale. Tadala ali Folomu 3 kuno ku Ndirande, ndipo homuweki yake yambiri amafunsa pa foni yanga. Pa WhatsApp pomwepa pali Meta AI, safunika kuchita kukopera china chilichonse. Tsiku lina ndinamupeza akukopera chimangirizo chonse cha Chingerezi mawu ndi mawu. Nditamufunsa kuti andifotokozere ndime yoyamba m'Chichewa anangoti kukamwa yasa. Ndinamulanda foni sabata yathunthu, koma ndikudziwa kuti amabwereka kwa anzake. Ine sindikupempha tabuleti. Ndikupempha kuti mphunzitsi wake adziwe za chinthuchi kuposa mwana, kuti azitha kumugwira ndi kumulangiza.

Madamu Nabanda: Mayi a Tadala mwalasa. Koma ndiloleni ndiyankhule za matabuleti, chifukwa ine ndikuwagwiritsa ntchito. Sukulu yathu ili mu pulogalamu ya BEFIT, ija boma linayamba mu 2023 mothandizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, yofuna kufikira sukulu zonse za pulayimale za boma, pafupifupi 6,000, kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Matabuleti amachajidwa ndi sola, safuna intaneti, ndipo amayankhula Chichewa. Mwana amavala mahedifoni, amamva liwu likumuuza kuti gwira chilembo ichi, werenga mbuzi izi. Akalakwitsa limamubwereza, akakhoza limamupititsa patsogolo. Ine kalasi yanga ya Sitandade 2 ili ndi ana oposa 100. Sindingathe kukhala pansi ndi mwana mmodzimmodzi. Pali kamtsikana kena kamene sikankayankhula n'komwe m'kalasi, ndinkaganiza kuti mwina kali ndi vuto la kumva. Ndinadzakaona pa tabuleti kakuphatikiza maphatikizo bwinobwino, kakumwetulira kokha. Ndiye munthu akandiuza kuti zipangizo n'zachabe, ine ndikana.

Aphiri a ku Ntchisi: Madamu, sindinanene kuti n'zachabe. Ndanena kuti zimafa, ndipo zikafa pamafunika ndalama zomwe palibe amene amafuna kuzilengeza pa msonkhano.

Madamu Nabanda: Apo tikugwirizana. Funso langanso ndi lomwelo: othandizawa akadzachoka, batire ikadzatopa, galasi likadzasweka, ndalama yake idzachokera mu mzere uti wa bajeti ya Unduna? Ndi SIG kodi, ndalama ija boma limapereka yotukulira sukulu? SIG yomweyo tigulire choko, tikonzere denga, tigulirenso batire?

Yamikani: Komanso tisasokoneze. Zomwe akufotokoza Madamu Nabandazo ndi kuphunzira kuwerenga ndi masamu kudzera pa tabuleti. N'zabwino, koma si kuphunzitsa AI. Mwana amene uja sakudziwa chomwe chikuchitika mkati mwa chipangizocho, ndipo pa msinkhu wake sakufunika kudziwa. Ine ndikunena za Folomu 1 mpaka 4.

Chikondi ku Daejeon: Achimwene a Yamikani, apa mwathandiza, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amasochera, ngakhale aphungu. Kuno ku Korea ndalama zinapita pa kuphunzitsa pogwiritsa ntchito AI, ndiye kunafunika tabuleti kwa mwana aliyense, intaneti yamphamvu m'kalasi iliyonse, ndi kulipira makampani mwezi ndi mwezi. Za ku Beijing mwatchulazo ndi kuphunzitsa za AI, maola 8 pa chaka, zomwe kwa ana aang'ono n'kungowadziwitsa kuti chinthuchi n'chiyani. Mtengo wa ziwirizi ndi wosiyana kutalitali. Lamulo la Trump nalo silinabwere ndi thumba latsopano la ndalama, linangouza maofesi a boma kuti aike AI patsogolo pa ndalama zomwe zilipo kale ndi kugwirizana ndi makampani. Ndipo za Estonia musaiwale kuti iwo anayamba kulumikiza sukulu zawo ku intaneti mu 1996 ndi pulogalamu ya Tiger Leap. Akukolola zomwe anabzala zaka pafupifupi 30 zapitazo. Ngakhale pano, anayamba ndi kusonkhanitsa aphunzitsi ana asanapatsidwe chilichonse.

Ahedi opuma, Bambo Mwale: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, maso akuvuta koma ndatsatira. Ndikufuna ndikukumbutseni 1994. Ambiri a inu munali ana, ena munali musanabadwe. A Bakili Muluzi atalengeza pulayimale yaulere, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ganizolo linali labwino, ndipo ndimaliikira kumbuyo mpaka lero, chifukwa ana a anthu osauka omwe akanatha moyo wawo akuweta mbuzi analowa m'kalasi. Koma aphunzitsi kunalibe. Boma linalemba achinyamata masauzande ambiri osaphunzitsidwa uphunzitsi, anangowapatsa maphunziro a masabata owerengeka n'kuwatumiza. Ine ndinalandira anayi pa sukulu yanga. Anali ana abwino, olimbikira, koma sankadziwa kulemba sikimu kapena pulani ya phunziro. Madzulo ndinkakhala nawo pansi pa mtengo wa mango kuwaphunzitsa zomwe akaphunzitse mawa. MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsiwo ali kale pa ntchito, inabwera pambuyo kudzakonza zomwe zinayenera kukonzedwa poyamba, ndipo zinatitengera zaka.

Ndiye ndikamva nkhani ya ku Korea, ndikuona nkhani yathu yomweyo itavala suti. Chinthu chafika, mphunzitsi sanakonzeke. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo ali ndi ndalama zoti ataye n'kudzukanso mawa. Ife tikataya, tataya ndalama ya mabuku ndi ya nyumba za aphunzitsi.

Ndikanakhala ndi mawu ku Capital Hill, ndikanati kwacha yoyamba ipite ku makoleji a aphunzitsi a Domasi ndi Nalikule, ndi ku ma TTC onse, monga Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Chiradzulu, Phalombe. Mphunzitsi aliyense wotuluka kumeneko atuluke akudziwa chinthuchi. Kwacha yachiwiri ipite ku MIE, bungwe lokonza masilabasi, kuti alembe silabasi yoti ingaphunzitsike ku Nthalire ndi ku Makanjira, osati ku Area 47 kokha. Zogula zibwere pachitatu.

Che Jafali: Madala mwayankhula. Ine ngati wapampando wa komiti ya sukulu kuno ku Mangochi ndiwonjezere chimodzi. Chipangizo chikabwera pamafunika chipinda cholimba, zitseko zachitsulo, mlonda. Mlondayo amalipidwa ndi makolo. Makolo ake ndi asodzi omwe nsomba zikuwavuta. Ndiye mphatso ija imasanduka msonkho wa mudzi. Aliyense wolemba bajeti ya AI alembemo mlonda.

Yamikani: Bambo Mwale, ulemu wanu, koma ndikufunseni. Kuphunzitsa aphunzitsi onse kungatenge zaka zingati? Amene ali kale m'sukulu, ngati Aphiri, adzabwerera liti ku Domasi? Pomwe tikudikirapo, ana a m'sukulu zolipira za m'tauni akugwiritsa kale ntchito zinthuzi, ali ndi malaputopu kunyumba. Mpata pakati pa iwo ndi mwana wa ku CDSS ukukula teremu iliyonse. Boma likapanda kulowererapo ndi ndalama, AI idzakhala ya ana a mabwana okhaokha. Ine ndinaphunzira pa CDSS, kompyuta ndinaigwira koyamba ndili ndi zaka 19. Ndikudziwa ululu wake wofika ku koleji anzako akutayipa iwe ukusakasaka chilembo. Sindikufuna mng'ono wanga adutse momwemo.

Ahedi opuma, Bambo Mwale: Mwana wanga, sindikuti tidikire. Ndikuti tiyambire pa munthu. Amene ali kale pa ntchito ali ndi ma TDC, malo aja aphunzitsi amakumanirako pa maphunziro, ali ndi makalasita a sekondale, ali ndi tchuthi. Njira zowafikira zilipo, zimangosowa ndalama ya mayendedwe ndi chakudya. Ndalama yogulira matabuleti a sukulu imodzi ingasonkhanitse aphunzitsi angati kwa sabata? Werengera wekha, ndiwe wa masamu.

Asisi Grace ku Nairobi: Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Yamikani watchula Nairobi, ndiye ndiyankhe poti ndili konkuno. Uhuru Kenyatta analonjeza pa kampeni ya 2013 kuti mwana aliyense wa Sitandade 1 alandira laputopu. Nkhani ya makontirakiti ogulira zipangizozo inakakamira m'makhoti, kenako mu 2016 anayamba kugawa matabuleti, oposa 1 miliyoni. Pofika 2019 boma linasintha n'kunena kuti bola kumanga malabu a makompyuta m'sukulu. Anzanga aphunzitsi kuno amati m'sukulu zambiri matabuletiwo ankangokhala m'kabati, ahedi akuopa kuti akasweka kapena kubedwa afunsidwa ndi iwo, aphunzitsi nawo sanazolowere. Ku Peru anagawa malaputopu oposa 800,000 a One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa 2012 anapeza kuti ana anadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa masamu ndi kuwerenga sanasinthe. Achinyamata a ku Kenya omwe akuchita bwino pa zamakonozi ambiri anaphunzirira pa foni ndi bandulo yotsika mtengo. Mwina ndalama ina iyenera kupita kumeneko, kutsitsa mtengo wa intaneti kwa sukulu.

Aphiri a ku Ntchisi: Pa intaneti ya sukulu pali kale MACRA ndi thumba lake la Universal Service Fund, lomwe likumanga malabu m'sukulu zina kudzera mu Connect a School. Zimenezo n'zofunika zipitirire. Koma tikumbukire kalembera wa 2018: mabanja 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Zinthu zasinthako, ma sola achuluka, komabe ana anga ambiri amawerenga ndi tochi ya mabatire. Ndondomeko iliyonse yoganiza kuti mwana akapitiriza kunyumba pa chipangizo yalembedwera dziko lina.

Chikondi ku Daejeon: Ndipo pali nkhani ya ndalama zakunja. Mapulogalamu akuluakulu a AI amalipiridwa m'madola, mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Tangoganizani Unduna utasaina mgwirizano wa zaka 5 m'madola, kenako zoterozo n'kuchitikanso. Dola yomweyo ikufunika pa mafuta, feteleza ndi mankhwala. Buku la pepala ukagula wagula, likhala zaka ngakhale likuthothoka. Pulogalamu yolipira ukalephera mwezi umodzi imatseka, mwana n'kutsala ndi galasi lopanda kanthu. Kuno ku Korea nkhani ya amene azilipira makampani mwezi ndi mwezi inali mkangano waukulu pakati pa boma ndi maofesi a maphunziro a m'zigawo, dziko lolemera chonchi.

Mayi a Tadala: Komanso boma linalengeza zochotsa fizi ku sekondale za boma kuyambira Januwale 2026. Ife makolo tinasangalala, koma ndalama yomwe sukulu zinkatolera kwa ife iyenera kuchokera ku boma lomwelo. Thumba ndi limodzi. Nanga AI idzalowa pati?

Yamikani: Idzalowa ngati tiiona kuti ndi yofunika. Chabwino, ndavomera kuti kugulira mwana aliyense tabuleti ya AI ngati ku Korea sikungatheke kuno, ndipo mwina sikufunika. Koma pali ndalama ina yomwe palibe wina angatilipirire, ya Chichewa. Mapulogalamuwa amaphunzira kuchokera ku zolembedwa. Chingerezi chili ndi zolembedwa zosawerengeka pa intaneti, Chichewa chili ndi zochepa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena ndiye kwambiri. N'chifukwa chake ukafunsa m'Chichewa nthawi zina amayankha zopotoka. Ku MUST ku Thyolo anatsegula likulu la AI mu 2023. Ku University of Malawi, komwe kale kunali Chancellor College, kuli Centre for Language Studies yomwe inalemba mtanthauziramawu wa Chinyanja. MBC ili ndi mawu ojambulidwa a zaka zambirimbiri. Boma litapereka ndalama kuti anthu amenewa agwirire ntchito limodzi, tikhoza kukhala ndi chida chomva chiyankhulo cha mwana wa ku Ntchisi. Opportunity International inapanga Ulangizi, ija alimi amafunsa pa WhatsApp m'Chichewa za matenda a mbewu ndi ziweto, ndipo mayankho ake amachokera m'buku la ulimi la boma. Ngati zatheka ku ulimi, zilephera bwanji ku silabasi ya MSCE?

Madamu Nabanda: Apa ndiye wandikopa, Yamikani. Ndinayesapo kufunsa kena ka AI pa foni tanthauzo la mwambi woti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kanandiyankha molimba mtima kuti mwambiwu ukuphunzitsa kugawana chakudya ndi anzathu ngati nyerere. Chichewa chake chosalala, koma bodza lenileni. Ine ndinadziwa chifukwa ndinakulira kwa agogo. Mwana wa Folomu 2 akanalemba zomwezo pa mayeso. Phunziro loyamba la AI kwa ana athu liyenera kukhala limeneli, kuti chinthuchi chimatha kunama nkhope ili gwa, ndipo umafunika kuchitsimikiza ndi buku kapena munthu wamkulu.

Che Jafali: Nanga mayina a ana athu, zithunzi zawo, malikisi awo, zikalowa m'makinawo zimapita kuti? Ndani amazisunga? Ine ndikufunsa ngati kholo la ana aakazi.

Chikondi ku Daejeon: Funso limenelo makolo a kuno analifunsanso kwambiri, Che Jafali. Kwathu tili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo MACRA ndi yomwe inapatsidwa udindo woyang'anira. Koma lamulo kukhalapo n'kwina, ahedi a kumudzi kudziwa zoti asasainire fomu ya kampani iliyonse yofuna mayina a ana n'kwinanso. UNESCO mu 2023 inalangiza kuti ana osakwana zaka 13 asamagwiritse ntchito ma AI ochezawa m'kalasi, ndipo mu 2024 inatulutsa ndondomeko ziwiri za zomwe mphunzitsi ndi wophunzira ayenera kudziwa pa AI. African Union nayo inavomereza ndondomeko ya AI ya Africa yonse mu Julayi 2024 ku Accra. Ndiye a MIE sangayambire pa pepala lopanda kanthu. Chofunika ndi ndalama yoti anthu athu akhale pansi azisandutse zathu, ndi zitsanzo za chimanga ndi usipa.

Aphiri a ku Ntchisi: Ine ndikufunsebe Yamikani funso la mphunzitsi. Lolemba ndili ndi Folomu 3, mphindi 40, choko ndi bolodi, foni yanga imodzi yomwe netiweki imagwira ndikaima pa chulu kuseri kwa ofesi. Ndiphunzitse chiyani za AI chomwe si kungolembetsa manotsi oti aloweze?

Yamikani: Aphunzitsi, yesani ichi. Uzani ana abwere ndi masamba a chimanga, ena abwinobwino, ena odyedwa ndi ntchemberezandonda. Sankhani mwana mmodzi akhale makina. Lamulo ndi lakuti iye aiwale zonse zomwe amadziwa za kumunda, azidalira zomwe anzake amuonetsa basi. Amuonetse masamba 20, lililonse akumuuza kuti ili ndi lodwala, ili ndi labwino. Iye azilemba pa bolodi zizindikiro zomwe akuona, monga mabowo, utuchi uja mbozi zimasiya, mtundu wa tsamba. Kenako mumupatse tsamba latsopano osamuuza kanthu, agamule potsatira zomwe walemba pa bolodi zokha. Akakhoza, auzeni kuti umu ndi momwe makina amaphunzirira, kuchokera ku zitsanzo zomwe anthu azipatsa mayina.

Mukatero mumupatse tsamba la chinangwa lodwala khate, lopanda bowo ngakhale limodzi. Potsatira bolodi adzati ndi labwino, kalasi yonse idzakuwa kuti ayi. Pamenepo afunseni kuti walakwa ndani, makina kapena amene anasankha zitsanzo? Tsiku lina mubwereze, koma gulu limodzi mulinong'oneze kuti lizimuuza mayina olakwika pa masamba ena. Adzaona okha kuti zolowa zikakhala zabodza, zotuluka nazo ndi zabodza. Mukamaliza, afotokozereni za mwambi wa Madamu Nabanda uja, adzamvetsa chifukwa chake makina omwe anawerenga Chichewa chochepa amapeka matanthauzo.

Aphiri a ku Ntchisi: Eee, ichi ndiye chingatheke. Ndipo aphunzitsi a Agriculture angalowe nawo. Koma taona mwana iwe, zimenezi wandiuza iwe pa WhatsApp usiku uno. Aphunzitsi anzanga m'dziko muno omwe sali pa gulu lino awauza ndani? Ndi pomwe pakufunika ndalama ya boma pamenepo. Kabuku ka mphunzitsi kokhala ndi maphunziro 10 otere, kosindikizidwa, kofika pa CDSS iliyonse, ndi sabata imodzi ya kukumana pa kalasita. Komanso MANEB iikemo funso, chifukwa tonse tikudziwa kuti chomwe sichibwera pa mayeso chimadyedwa ndi nthawi ya kubwereza mapepala akale.

Yamikani: Koma tsiku lina mwanayo ayenera kugwira kompyuta yeniyeni, Aphunzitsi. Masamba a chimanga sangamuphunzitse kulemba pulogalamu. Pamenepo sindibwerera m'mbuyo. Labu imodzi yogwira ntchito pa kalasita iliyonse, yokhala ndi sola ndi munthu wolipidwa woikonza, imeneyo boma lisathawe.

Ahedi opuma, Bambo Mwale: Munthu wolipidwa woikonza. Mawu amenewo uwalembe ndi zilembo zikuluzikulu. Achinyamata omaliza maphunziro a zamagetsi ndi makompyuta m'makoleji a ntchito zamanja ali mbwee m'matauni kusowa ntchito. Mmodzi pa boma lililonse, ndi njinga yamoto ndi bokosi la zipangizo, akanadzutsa makompyuta ambiri omwe afundidwa nsalu ngati a Aphiri.

Asisi Grace ku Nairobi: Komiti ya zamaphunziro ya ku Nyumba ya Malamulo imamva maganizo a anthu, ndipo Unduna wa Zachuma umayendera zigawo kumva maganizo bajeti isanalembedwe. Bwanji gulu lino lilembe tsamba limodzi? Chikondi alembe za Korea, ine za Kenya, Madamu Nabanda za m'kalasi mwawo.

Mayi a Tadala: Muikemonso za makolo. Pa msonkhano wa PTA pakhale mphindi zingapo zotifotokozera ifenso, m'Chichewa. Ambiri mwa amayi anzanga kuno amaona mwana ali pa foni akulemba m'kope n'kumasangalala kuti akulimbikira sukulu.

Chikondi ku Daejeon: Ndilemba gawo langa Loweruka, kuno kwacha kale ndikuthamangira ku labu. Achimwene a Yamikani, inu mulembe za Chichewa zija ndi za labu ya pa kalasita, koma muikemo mtengo wa batire ndi invetala, mufunse m'mashopu a ku Area 2 kuti tisalembe zongoganiza.

Aphiri a ku Ntchisi: Yamikani, nditumizire ku inibokisi ndondomeko ya phunziro lija mwatsatanetsatane, ndiikopere mu pulani mawa ndikakwera pa chulu. Chimanga cha kudimba chilipo kwa a mfumu, ndikapempha masamba Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Chinangwa chodwala ndiye ndituma ana a kutsidya kwa mtsinje, kumeneko n'komwe amalima. Komanso funsa anzako ngati pali amene amadziwa kukonza invetala yowotchedwa ndi mphenzi, ndikujambulira nambala zake zili kumbuyo.